Kanjuchi ndi Ndowa ya Masiliva

Uyu ndi Kanjuchi. Ndi kamtsikana kakang'ono, koma musamupute. Akakwiya, pakamwa pake pamaluma. N'chifukwa chake kwawo anamutcha Kanjuchi.

Kanjuchi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna magalasi a maso.

Maso ake sankaona patali. Kusukulu ankakhala kutsogolo kwenikweni. Ankatsinzina diso ili. Ankatsinzina diso linalo. Koma zolemba za pabolodi zinkangooneka ngati utsi.

Koma makutu akewo, musanene. Ankamva ngakhale zonong'ona za kuseri kwa chitseko.

Bambo ake anali ndi sikelo. Ankaiika m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pokwerera mabasi. Munthu ankakwera pa sikelo. Ankaona kulemera kwake. Akatsika, ankapereka ndalama imodzi yachitsulo. Ndalama zachitsulozi ndi zija timati masiliva.

Madzulo bambo ankathira masiliva m'ndowa yakale ya penti. Ngwerengwere.

"Amenewa ndi maso ako, mwanawe," ankatero bambo.

Ndowa inayamba kudzaza. Inadzaza pang'ono. Inadzaza kwambiri. Tsiku lina inadzaza mpaka pakamwa.

Sukulu inali patchuthi. Bambo anasenza ndowa paphewa. Kanjuchi anagwira malaya awo. Anapita kusitolo ya magalasi.

Magalasi a Kanjuchi anali okonzeka. Wogulitsa anali atamuyeza kale maso. Koma ataona ndowa, anapukusa mutu.

"Pepani, bambo. Masiliva onsewa ine ndiwaika pati? Pitani kubanki. Mukasinthe, akupatseni zapepala."

"Nanga magalasi anga?" anafunsa Kanjuchi.

"Ndikusungira mpaka Loweruka," anatero wogulitsa. "Likadutsa Loweruka, ndiwabweza kumene anachokera."

"Banki si patali," anatero bambo. "Tibwera posachedwa."

Banki inali yaikulu. Pansi pake pankanyezimira. M'kati munkazizira. Mazenera olandirira anthu anali ambiri, koma otsegula anali awiri okha.

Mzere unali wautali. Mipando munalibe.

Anaima. Anaima. Anaimabe.

"Kale muno munali benchi," anatero bambo. "Munali madzi akumwa. Ukalowa, ankakupatsa moni."

"Nanga benchilo linapita kuti?"

"Kaya. Mwina linatopa ndi kudikira."

Kanjuchi sanaseke. Miyendo inkamupweteka.

Kenako anafika pazenera. Kuseri kwa galasi kunali mayi wa pazenera. Ankayang'ana foni yake.

"Muli bwanji, mayi?" anatero bambo.

Mayi uja sanayankhe. Tangoganizani. Munthu wamkulu wakupatsa moni, iwe n'kukhala chete. Moni sagula ayi.

Bambo anakweza ndowa. Mayi uja anasuzumira. Anakwinya mphuno.

"Ndalama izi n'zakuda. Komanso zasakanikirana. Kaziikeni m'timatumba ta pulasitiki. Zofanana zikhale pazokha."

"Timatumbato mungatipatseko?" anafunsa bambo.

"Tinatha. Wotsatira."

Kanjuchi anapsa mtima. Anatsegula pakamwa. Bambo anamugwira paphewa.

"Tiye, mwanawe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Maso a nkhono ine ndiwaona bwanji?" anatero Kanjuchi. "Ndi bolodi lomwe sindiliona."

Kunyumba anawafotokozera amayi zonse. Amayi anatsonya.

"Akuti zakuda? Ndalama imadanso? Chabwino. Tiwachapira."

Amayi anatenga beseni. Anatenga sopo. Anathira masiliva m'madzi.

Amayi anatsuka. Bambo anatsukuluza. Kanjuchi anapukuta ndi kansalu. Anawayanika pakhonde, padzuwa.

Anthu odutsa ankaima. Ankaseka. "Lero mwachapa ndalama, anansi?"

"Akuti kubanki zimalowa zosamba," anayankha amayi, osamwetulira.

Amayi anakagula timatumba kugolosale. Zazikulu anaziika pazokha. Zazing'ono anaziika pazokha. Zala za Kanjuchi zinachita dzanzi. Tsiku limenelo sikelo sinapite kumsewu.

M'mawa mwake bambo anasenzanso ndowa. Kanjuchi anagwiranso malaya awo.

Pakhomo la banki panali mlonda. Anatambasula dzanja.

"Mukupita kuti ndi ndowa?"

"Tikukasintha masiliva, achimwene," anatero bambo. "Tatsuka. Taika m'timatumba."

"Lero si tsiku la masiliva."

"Tsiku lake ndi liti?"

"Lachisanu m'mawa."

"Nanga bwanji sanatiuze dzulo?" anafunsa Kanjuchi.

Mlonda anamuyang'ana. "Simunafunse."

Aa, kumeneko n'kuyankha? Kanjuchi anaponda pansi mwamphamvu. Anapondanso. Mtima unkamuwawa kwambiri.

"Bambo, anthu awa akutiseweretsa."

"Ndikuona, mwanawe," anatero bambo. "Tiye kunyumba."

Ndowa inali yolemera popita. Pobwerera inalemera koposa.

Lachisanu linafika. Mawa lake linali Loweruka. Kanjuchi ankadziwa. Bambo ankadziwa.

Analawira m'mamawa. Mlonda anawalola kulowa. Mazenera otsegula anali awiri omwe aja. Mzere unali wautali ngati kale.

Anaima. Anaima. Anaimabe.

Anafika pazenera. Anali mayi yemwe uja.

"Muli bwanji, mayi?" anatero bambo.

Chete.

Bambo anatulutsa kathumba kamodzi. Masiliva ankawala bwino.

"Tachita zonse munanena zija. Tatsuka. Tasankha. Tabwera Lachisanu."

Mayi uja anayasamula. "Masiliva sitikulandiranso. Makina owerengera anafa."

"Anafa liti?" anafunsa bambo.

"Kalekale. Wotsatira."

Bambo sanasunthe. Kanjuchi anali asanaonepo bambo ake atakwiya. Lero anakwiya. Koma anangobweza kathumba kaja m'ndowa.

Ndiye Kanjuchi anaima ndi zala zakumapazi. Chibwano chake chinafika pazenera.

"Mayi, makina anafa kalekale?"

"Ndatero."

"Ndiye tsiku lija munkadziwa. Munkadziwa, koma munatituma kukachapa. Amayi anga achapa ndalama ngati zovala. Bambo anga sanagwire ntchito. Mawa magalasi anga abwerera. Inu simukumva chisoni?"

Anthu onse a pamzere anatembenuka. Mayi uja anayang'ana kumbali.

"Si ine ndinaika malamulo," anatero. "Wotsatira."

Bambo ananyamula ndowa. Kanjuchi anawatsatira. Misozi inali m'maso, koma sanalole kuti igwe. Inali misozi ya mkwiyo.

Atatsala pang'ono kufika pachitseko, Kanjuchi anaima. Makutu aja anali atamva kanthu.

Pazenera lachiwiri panali mayi wina. Anavala epuloni yoyera. Ankanunkhira buledi. Anali amayi a kubekale, ogulitsa buledi kuseri kwa msewu.

"Chonde, ndithandizeni masiliva," ankatero amayi a buledi. "Zapepala ndabweretsa. Ndilibe tchenji chopatsa anthu."

"Masiliva tilibe," anayankha bambo wa pazenera lachiwiri.

"Mwezi wonse mukundiuza zomwezo. Anthu ndikumawapatsa maswiti m'malo mwa tchenji. Dzulo munthu wina anandiponyera switi kumaso."

"Tilibe, mayi. Wotsatira."

Kanjuchi anayang'ana ndowa. Anayang'ana zenera loyamba. Anayang'ana zenera lachiwiri.

Zenera ili likukana masiliva. Zenera ilo likuti masiliva kulibe. Mazenera oyandikana, nyumba imodzi. Zoona zimenezi?

Kanjuchi anathamanga. Anagwira epuloni ya amayi a buledi.

"Amayi, masiliva alipo. Ali m'ndowa ya bambo anga. Ndi otsuka kale."

"Otsuka?" anadabwa amayi a buledi.

"Ndi sopo."

Amayi a buledi anasuzumira m'ndowa. Anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwanawe, wakutuma ndani? Bambo, tisinthane pompano."

Anatsegula chikwama chawo. Koma mlonda anafika msanga.

"Muno simusinthana ndalama. Wosintha ndalama muno ndi banki yokha."

"Koma banki yakana," anatero Kanjuchi.

"Lamulo ndi lamulo."

"Yatikana ife. Yawakana amayiwa. Ndiye ikusintha za ndani?"

Mlonda anakanda mutu. Anangoloza kuchitseko.

"Musavutike, achimwene," anatero amayi a buledi. "Tikutuluka. Muno mwazizira kale."

Anatuluka. Anaima pamasitepe a banki. Mlonda anabweranso.

"Pamasitepe panonso ayi."

Kanjuchi anatsonya. Amayi a buledi anatsonya. Ngakhale bambo anatsonya.

Anaoloka msewu. Anakhala pansi pa mtengo. Pamenepo panalibe mwini wake.

Bambo anatulutsa timatumba. Amayi a buledi anatulutsa zapepala. Kathumba kanapita uku. Pepala linabwera kuno. Kanjuchi ndi amene ankapereka timatumba.

Ndowa inafika pakati. Zapepala za amayi a buledi zinatha.

"Zanga zathera pamenepa," anatero. "Pepani."

Kanjuchi anasuzumira m'ndowa. Theka la ndalama siligula magalasi.

Anayang'ana kubanki kuja. Sankaona bwino. Ankangoona zinthunzi za anthu akutuluka. Koma ankamva akung'ung'udza.

Kanjuchi anakwera pamwala. Anaika manja pakamwa.

"Amene akukanizani masiliva, bwerani kuno. Masiliva ali pano."

Munthu woyamba anaoloka msewu. Anali kondakitala wa basi.

"N'zoona, mwanawe? Ine anthu andinyoza mlungu wonse chifukwa cha tchenji."

"Muli bwanji, achimwene?" anatero bambo.

"Ndili bwino, kaya inu, bambo?"

Anasinthana. Kenako anabwera wogulitsa nyuzi. Kenako wometa tsitsi. Aliyense bambo ankamupatsa moni. Aliyense ankayankha.

Mzere wa kubanki unafupika. Mzere wa pamtengo unatalika. Mlonda ankangoyang'ana ali tsidya lina, manja ali m'chiuno.

Kanjuchi anapisa dzanja m'ndowa. Anagwira pansi. Munalibe kanthu.

"Bambo, zatha."

Bambo anapinda zapepala bwinobwino. Anaziika m'thumba la malaya. Zonse zinakwana m'thumba limodzi lomwelo.

"Ndowa ikadzazanso, osapita uko," anatero amayi a buledi. "Muzibwera kwa ine. Kwanga kuli benchi."

Bambo anathokoza. Kanjuchi anathokoza. Kenako anawakoka dzanja bambo ake.

"Tiyeni. Sindikufuna kudikira Loweruka."

Anayenda mwachangu. Ndowa yopanda kanthu inkalira m'manja mwa Kanjuchi.

Wogulitsa magalasi analandira zapepala. Anatsegula kabokosi. Anamuveka Kanjuchi magalasi.

Kanjuchi anaphethira. Anaphethiranso.

Anatuluka panja. Anaona masamba a mitengo, lililonse palokha. Anaona nambala ya basi ili kutali. Anawerenga zikwangwani zonse za mumsewu, mokweza, mpaka kunyumba. Bambo sanamuletse.

Amayi anali pakhomo, akudikira.

"Abanki asintha?" anafunsa.

"Ayi," anatero Kanjuchi. "Tasintha tokha. Ndipo ine ndikadali wokwiya nawo."

"Kwiya, mwanangu. Ifenso takwiya. Koma tabwera ndikuone kaye."

Amayi anamugwira masaya. Anamutembenuza uku ndi uku. "Wakongola ngati mphunzitsi."

Bambo anakhala pampando. Anavula chipewa. Anali atatopa kwambiri.

Kanjuchi anawayang'ana ali patali. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayandikira.

"Bambo, kodi muli ndi imvi?"

"Ndili nazo, mwanawe."

"Zinamera liti? Ine sindinkaziona."

"Zamera pamzere wa kubanki," anatero bambo.

Amayi anaseka mpaka kugwira chitseko. Bambo anaseka. Kanjuchi anayesa kukhalabe wokwiya, koma zinamukanika.

Anakwera pamiyendo ya bambo ake. Anagwira imvi zija ndi chala, pang'onopang'ono.

"Musazimete, bambo," anatero. "Ndikufuna ndiziziona."