Duwa la a Eness

Foni inalira Lachitatu madzulo. Madamu Virginia Chisanga anamvetsera, anathokoza, n'kudula. Mnzawo wa ku ofesi ya boma anali atawatsina khutu: mawa kubwera woyendera nyumba zosungira okalamba.

Nyumba yawo, Mthunzi Wabwino, inali ku Woodlands, kuseri kwa mpanda wautali ndi mitengo ya jakaranda. Kumaso kunali kapinga wometedwa bwino. Kuseri kunali chipinda chimene alendo sankalowamo. Munkagona agogo atatu osatha kudzuka, a zilonda kumsana ndi zipsera za zingwe m'mikono, poti ankawamangirira kubedi kuti asavutitse.

Kutacha Lachinayi, Besa, dalaivala wa pamalopo, anaimika minibasi pakhomo la kuseri. Anatsitsa amayi atatu achikulire ochokera ku City Market, ogulitsa kapenta ndi tomato. Aliyense anali atalonjezedwa nkhuku ndi chitenge. Anawaveka madiresi a odwala, kuwakhazika pa njinga za olumala, n'kuwapatsa mayina a eni chipinda chija.

Kenako Besa ananyamula eni mayinawo mmodzimmodzi, ngati matumba a makala. Omaliza anali a Eness Sakala a ku Katete, opepuka ngati mtolo wa udzu.

"Madzi," anatero a Eness.

"Muzamwa pobwela," anayankha Madamu. "Iwe Besa, tseka mawindo, bantu bangamve. Usabwele mpaka nikutumile foni."

"Ba madamu, kuzapya lelo. Ni Okutobala."

"Nakufunsa za nyengo?"

Minibasi inatuluka.

Woyendera uja, Petronella Mbewe, anafika dzuwa litakwera. Anali mtsikana watsopano pantchito, wa nsapato zopukuta ndi mtima wokhulupirira anthu. Madamu anamulandira pageti ndi manja awiri.

"Mwabwela bwino, mwana wanga. Apa ni pa nyumba ya Mulungu."

Petronella anayendera khitchini. Munali mwaukhondo. Anatsegula kabati ya mankhwala, anagwedeza zozimitsira moto, anakoka zitsulo zogwirira m'zimbudzi. Zonse zinali bwino. Chipinda cha kuseri chinkanunkha mankhwala okolopera, ndipo munali matilesi atatu oimikidwa kukhoma.

"Ni stolo chabe," anatero Madamu.

Pakhonde, Petronella anaitana mayina a okhalamo. Onse anayankha. Anayang'ana misana ndi mikono ya atatu a panjinga aja. Khungu losalala, lopanda chilonda.

Pamenepo anatulukira mkulu wina wamtali, wovala jekete lakale m'kutentha konseko. Anali a Mathias Nkhoma, amene kale ankaphunzitsa ku Chilenje. Mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Mayina a ana awo anawaiwala, chaka anachiiwala. Koma m'mawa uliwonse ankatola duwa limodzi la jakaranda, n'kupita nalo kwa a Eness, n'kuwafunsira ukwati ngati kuti n'koyamba.

"Eness ali kuti?" anafunsa.

"Si aba apa, ba tate?" Madamu analoza mayi wa panjinga. Anatembenukira kwa Petronella n'kuseka. "Onani chikondi cha nkhalamba. Chokondweletsa maningi."

A Mathias maso anali ofooka. Anagwada movutikira, mawondo akulira, nakweza duwa lija.

"Mayi, ine ndine Mathias, mwana wa a Nkhoma. Ndakuonani, mtima wanga wakhala pansi. Kodi mungandilole?"

Mayi uja anayang'ana Madamu. Madamu anamutsinzinira diso.

"Navomela, ba dali," anatero mayiyo mokweza. "Navomela na mtima onse!"

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. A Mathias sanaseke. Anabweza dzanja pang'onopang'ono.

"Uyu si Eness."

"Ba tate, mwayamba."

"Si Eness! Mkazi woleredwa savomera tsiku loyamba. Eness akanati, mubwerenso mawa, ndikaganize kaye. Mwamuika kuti?"

"Ni matenda," Madamu ananong'oneza Petronella. "Dzulo ananiitana kuti amai."

Anyamata awiri ogwira ntchito anawagwira a Mathias m'khwapa. Asanawakoke, mkuluyo anakankhira duwa lija m'dzanja la Petronella.

"Mwana wanga, ukamuona ukampatse. Limafota msanga."

Petronella anamva chisoni. Anaika duwa m'thumba la bulauzi, nasaina kuti nyumbayo ili bwino, natsazika.

Dzuwa litapendeka, atachoka ku ofesi, anadzera ku City Market kukagula ndiwo asanakwere basi ya ku Kabwata. Anaima pa tebulo la kapenta. Pansi pa tebulo panali nkhuku yomangidwa miyendo. Wogulitsa anatulukira akuthamanga, beseni lodzaza lili pamutu, akukalipira wawilibala amene anamutsekera njira. Anatula beseni, natukula nkhope.

Onse awiri anauma.

"A Eness," anatero Petronella, "mwachila msanga."

"Ine ndine Christine. Simuniziba, ba sisita."

"Nsapato izo n'za ku Mthunzi Wabwino."

Mayiyo anayang'ana kumapazi. Masilipasi oyera a odwala anali adakali komweko.

"Inali sewelo chabe," anatero. "Sitinabe kanthu."

"Eni dzina ali kuti?"

"Anabatenga na basi. Besa, mwana wa mlongo wanga."

"Liti?"

"Kuseni. Mukalibe kufika."

Petronella anayang'ana kumwamba. Malata a msika ankathetheka ndi kutentha. Anamugwira mayiyo pamkono n'kumukokera ku polisi ya pamsika.

Sajeni Mwelwa anali munthu wosachedwa ndi mafunso.

"Besa ayenda kuti akankhala na motoka ya bene?"

"Ku Chelstone, bwana," anayankha Christine. "Kuli kamkazi kake."

"Kwelani."

Pa msewu wa Great East magalimoto anali atathinana. Sajeni analiza belu la galimoto ya polisi, oyendetsa akupatuka monyinyirika. Petronella anaika dzanja pa thumba la bulauzi. M'mutu mwake munkangomveka mawu amodzi: mwamuika kuti? Munthu mmodzi yekha ananena zoona tsiku lonselo, ndipo iye anamumvera chisoni m'malo momumvera.

Minibasi anaipeza kuseri kwa nyumba yosamaliza kumanga, pamtetete, popanda ngakhale kamtengo. Zitseko zokhoma. Mawindo otseka, a nthunzi m'kati. Panalibe phokoso lililonse.

Sajeni anatola njerwa n'kuswa galasi. Mpweya umene unatuluka unali ngati wa mu uvuni.

Agogo awiri anali pansi pakati pa mipando, akupuma mwapatalipatali, milomo itang'ambika, zipsera za zingwe zikuoneka m'mikono. Anthu oyandikana nawo anathamanga ndi madzi ndi zitenge zonyowa. A Eness anali pampando wakumbuyo, mutu utatsamira windo. Zala zawo zinali zitakola mphira wa m'mphepete mwa galasi. Anali atausenda pang'ono ndi zikhadabo.

Sajeni anagwira pakhosi pawo. Anadikira. Anavula chipewa.

Petronella anatulutsa duwa lija. Linali litafota, litaphwanyika mbali imodzi. Anachotsa zala zija pamphira, chimodzichimodzi, naika duwa m'chikhatho, natseka.

Besa anamutulutsa m'kachipinda ka lendi kapafupi, ali chifuwa pamtunda, maso ofiira ndi tulo ndi mowa.

"Nenze kuyembekeza foni, ba bwana! Ba madamu anakamba nisabwele mpaka banitumile!"

"Sunamve kugogoda?"

"Anagogoda poyamba. Manje analeka. Nenze naganiza agona."

Unyolo unalira m'mikono mwake.

"Madamu ako ali kuti?"

"Pa Chinayi amayenda ku mapemphelo. Ku Kabulonga."

Inali nyumba yaikulu ya geti lamagetsi, magalimoto onyezimira atandanda panja. M'chipinda chochezera amayi ovala bwino anakhala mozungulira, makapu a tiyi ali pambali. Madamu Virginia anali chiimire pakati, dzanja lili m'mwamba, akupereka umboni.

"Adani ananitumila woyendela kuti atseke nyumba yanga. Koma lelo napambana! Sanapeze ngakhale kachilema!"

"Amen!"

Sajeni analowa osagogoda. Petronella anali pambuyo pake.

"Virginia Chisanga?"

"Ndine. Muli pa nyumba ya bene, ba ofisa. Ni chani?"

"Foni yanu ili kuti?"

"Nazimya. Tili pa mapemphelo."

"Pali munthu amene munaiwala kumutumira."

Dzanja lija linatsika. Madamu anafunsa, ndipo aliyense m'chipindamo anamva:

"Bangati?"

"Mmodzi. Eness Sakala."

"Aja anali odwala kale," anatero Madamu msangamsanga. "Bana bao sabwela na kubwela. Nani azafunsa?" Anatembenukira kwa Petronella. "Na iwe unasaina. Usaibale, unasaina!"

"Ndinasaina," anatero Petronella. "Ndikanena zimenezo kukhoti. Inu mukanene za zingwe."

Palibe anati amen. Mayi wina anasuntha chikwama chake kuti Madamu adutse. Anatuluka nawo manja ali kumbuyo, nsapato zazitali zikugogoda pa matailosi, nawakweza m'galimoto momwe munali Besa.

M'mawa mwake magalimoto a boma anabwera ku Woodlands kudzasamutsa okalamba onse. Jakaranda anali atayoyoka usiku, bwalo lonse lili maluwa okhaokha. A Mathias anakhala pabenchi, jekete lili pathupi, duwa latsopano lili m'manja. Petronella ankayembekeza kuti amuiwala. Sanamuiwale.

"Mwana wanga! Unamupeza?"

"Ndinawapeza, agogo."

"Unampatsa?"

"Ndinawapatsa m'manja."

Mkuluyo anasendera kutsogolo, maso akuwala ngati a mnyamata.

"Ndiye wati chiyani?"

Petronella anayang'ana geti, anayang'ana pansi.

"Ati mubwerenso mawa. Akaganize kaye."

A Mathias anaseka, namenya bondo ndi chikhatho.

"Ndiye iyeyo! Ameneyo ndiye Eness."

Anakonza kolala ya jekete, naika duwa pamwendo, nayamba kudikira.