Zenera la Misomali ku Wenya

Choyamba chimene a Jameson Silungwe anaona ndi mphemvu. Zinagona chagada pakhomo pa chipinda cha malemu mkazi wawo, zisanu ndi ziwiri, ngati zinachita kupangana tsiku lofera.

Chipindacho chinali chotseka chimwalirireni Anastasia. Abale ake a ku Mafinga anati zovala zisakhudzidwe ndipo zenera lisatsegulidwe mpaka iwo atabwera kudzagawa katundu. A Jameson anakhomera zeneralo misomali, ming'alu n'kutseka ndi nsanza. Koma mfuti yawo yopirikitsira nguluwe inkakhala momwemo, ndipo mphepo ya mu Juni itayamba kuluma, anayamba kuitsukira m'katimo chitseko chili chotseka. Mankhwala ake anagula kwa wamalonda wina wa kumalire, m'botolo lopanda dzina. "Dawa kali," anatero munthuyo m'Chiswahili, kutanthauza mankhwala amphamvu. "Dzimbiri limathawa lokha."

Tsiku loyamba, dzuwa litangolowa, ankakankha kansalu konyowa mumpope wa mfutiyo pamene mutu unayamba kugunda. Nyali inaoneka ngati ziwiri. Kenako, kuseri kwa kabati, munthu anatsokomola katatu, chifuwa chouma chomwe chija anachimva miyezi isanu ndi umodzi Anastasia akudwala.

Tsiku lachiwiri mawu anamveka, otsika, apafupi ndi khutu.

"Awiske Jenifer."

Bambo ake a Jenifer, mu Chitumbuka. Palibe wina padziko amene ankawaitana chonchi, koma Anastasia yekha. Anakhala zaka makumi atatu ku Kitwe pa ulonda, mkaziyo akulima yekha kuno, ndipo atabwerera anakhala naye zaka zinayi zokha. Sanathawe. Anathiranso mankhwala pakansalu, n'kutchera khutu.

Tsiku lachitatu anadzidzimuka ali pansi, masanzi pamalaya, zala zitayera mbuu, osadziwa ngati kukucha kapena kukuda.

Pa mjigo nkhani inakula. Ena ankati malemuyo akwiya kuti zovala zachedwa. Ena ankati mfutiyo inapha munthu ku Zambia. Mphekesera zinafika mpaka ku Mzuzu kwa mwana wawo Jenifer, amene ananena kalekale kuti tsiku limene bambo akewo adzadwale adzawatengera ku Mzuzu. Chimenechi ndicho a Jameson ankaopa kuposa imfa: kusiyanso Anastasia yekha, tsopano m'manda a kuseri kwa nthochi.

Jenifer anafika Loweruka, fumbi mpaka m'nsidze.

"Adada, maso afiira bwanji chonchi?"

"Ndi utsi."

"Utsi wake uti, moto simukoleza?"

Iwo anayang'ana kuchitseko chija, n'kunong'ona: "Amayi ako amabwera. Usaseke."

Jenifer sanaseke. Anatsegula chitsekocho, nabwerera m'mbuyo chitenje chili pamphuno. Mwamuna wake ankapenta magalimoto, ndipo fungo limeneli ankalidziwa.

"Awa ndi mankhwala osungunulira penti, adada. Anzanu amawagwiritsa ntchito panja, pamphepo, atavala magolovesi. Inu mwadzitsekera nawo ngati mbewa mu una. Nkhuku yomwe ikanamva mawu muno."

"Nanga chifuwa chija?"

"Ndi chanu chomwe."

"Ine ndingadziitane ndekha?"

Jenifer analunjika pazenera. Anatenga hamala, nazula misomali umodziumodzi.

"A ku Mafinga adzati chiyani?"

"Adzagawe zovala. Maliro achiwiri sindikuwafuna."

Mphepo inalowa, madiresi pachingwe n'kugwedezeka onse pamodzi. A Jameson anaima pakati pa chipindacho, osadziwa ngati mwana wawo wawapulumutsa kapena wapirikitsa mayi ake.

Anagwirizana kuti Jenifer akhale sabata imodzi. Akaona kuti achira, awasiya. Mutu unaleka. Chakudya chinayamba kulowa. Mfuti ankaipukutira pakhonde, ndi mafuta wamba. Madzulo aliwonse ankalowa m'chipinda muja, n'kukhala pabedi mpaka mdima. Ankamva nkhululu, ng'ombe za mnansi, malata akulira ndi chisanu. Mawu aja, zii.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Jenifer ankapinda zovala zake, mtima uli m'malo, pamene bambo ake anaima pakhomo, chipewa m'manja ngati mlendo.

"Jenifer, mwana wane. Botolo lija unaliika pati?"

"Mukulifuniranji?"

"Mpope wayambanso dzimbiri."

Jenifer anayang'ana mfuti ili pakhoma, ikunyezimira ngati yatsopano. Anawayang'ananso iwo nthawi yaitali. Kenako anakoka sutikesi yawo yakale ya ku Kitwe kunsi kwa bedi, nayamba kulongedzamo malaya awo.