Foni ya NyaChavula ndi Mabowo Osamva

Foni ya NyaChavula inabedwa Lachisanu masana pa siteji ya Bolero. Mayiwo ankakwera matola opita kwawo ku Hewe, thumba la feteleza lili pamutu. Panatulukira bambo wina waulemu, wa jekete lofiira, n'kuwalandira thumbalo. Anawakankhirakonso pang'ono kuti akwere bwino.

"Yewo chomene, adada," anathokoza mayiwo.

Galimoto itangoyenda pang'ono anapisa m'chikwama kuti aone nthawi. Anapezamo mpango ndi mtedza basi. Anatsika pomwepo, feteleza n'kupitirira yekha ku Hewe.

Kupolisi anapeza Sajeni Mtende Mhango. Sajeni atafunsa mtengo wa foniyo, mayiwo anati zimenezo akafunse mwana wawo wa ku Joni amene anagula. Iwo ankalira kanema amene anali m'katimo. Malemu amuna awo, a Msiska, anali mkulu wa mpingo wosaseka ndi munthu. Koma tsiku lina pa ukwati ng'oma inawalowa m'miyendo, n'kuvina malipenga fumbi koboo. Kanemayo kwina kulikonse kunalibe, ngakhale chithunzi chawo chomwe.

"Akafufuta ameneyo, a Sajeni, ndiye kuti amuna anga awaikanso m'manda kachiwiri."

Sajeni ankadziwa kuti foni yokhoma ndi pini sigulika, mbava imayamba yafunafuna woifufuta. Choncho anazungulira onse okonza mafoni ndi makompyuta pa Bolero, kuwatsina khutu.

Wa jekete lofiira uja anali Jimmy, munthu wa ndevu zake, amene ankakhalira alamu ake a Hezron m'shopu yosindikiza mapepala ndi kuika nyimbo m'mafulashi. Jimmy sanapite kwa okonza. Anati mutu nayenso ali nawo. Loweruka a Hezron atapita kumaliro, anatsegula laputopu ya m'shopu n'kuyamba kukopera madiraiva pa intaneti. Madiraivatu ndi timapulogalamu timene timauza kompyuta kuti ichi chalowa pabowo ndi foni, ichi ndi pulinta. Posadziwa oyenera foniyo, Jimmy anaikamo a mitundu itatu, kuti wina akakana, wina avomera.

Nanga akazi atatu apamitala angaphike pa mafuwa amodzi? Madiraivawo anayamba kukanganirana mabowo, aliyense akuti ndi anga, mpaka onse ananyanyala. Mabowo onse a USB anafa. Kubaya foni, zii. Fulashi, zii. Mausi inazimitsa kanyale kake kofiira. Pulinta inangokhala duu ngati mkamwini pa mlandu wa eni mudzi.

Jimmy anauzira mabowowo ngati akukoleza makala. Anawatokosa ndi kamtengo ka machesi. Anazimitsa, kuyatsa, kuzimitsanso. Pomaliza anakaiika laputopuyo padzuwa, ati mwina yazizidwa.

Lolemba m'mawa a Hezron anapeza aphunzitsi ali pamzere ndi mafulashi a mayeso, makina osamva kanthu. Jimmy anati ndi nyerere. A Hezron anamuyang'ana nthawi yaitali, koma poti ndi mlongo wa akazi awo anangomeza mate. Anaitana Walusungu, mtsikana wokonza makompyuta amene anaphunzira ku Khondowe.

Walusungu anayesa fulashi pa bowo lililonse. Anasintha chingwe, kuti mwina cholakwa ndi chingwecho. Kenako anatsegula pamene kompyuta imaonetsa ziwalo zake zonse, ndipo timakona tachikasu tochenjeza tinali mbwee. Atawerenga maina a madiraiva atatu aja anakumbukira mawu a Sajeni. Nyerere za pa Bolero n'zochenjera ndithu, koma sizikopera zotsegulira mafoni okhoma.

Anachotsa madiraivawo mmodzimmodzi, n'kuzimitsa laputopu, n'kuiyatsanso kuti ibwezeretse ake akale. Kanyale ka mausi kanayaka. Pulinta inatsokomola n'kuyamba kulavula mayeso. Koma amene anasangalala kuposa mwini shopu anali Jimmy, ndipo Walusungu potuluka anamva mapazi kumbuyo kwake.

"Adumbu," ananong'ona Jimmy, akumuitana ngati mlongo wake, "pali mnzanga wina anaiwala pini ya foni yake. Akufuna kungofufuta zonse."

"Mnzanuyo ali kuti?"

"Ndi wamanyazi chomene."

Walusungu anamuuza kuti abwere nayo masana, alamu ake akapita kukadya. Kuchoka pamenepo sanakhote, analunjika kupolisi. Kumeneko anapeza NyaChavula atakhala pabenchi, poti chibedwere foni ankafika m'mamawa uliwonse ngati alembedwa ntchito.

Masana m'shopu munali anthu awiri okha. Walusungu anamukhazika Jimmy chofulatira chitseko. Jimmy anatulutsa foniyo m'sokosi, n'kuipukuta pa buluku. Walusungu anailumikiza, foni inayaka.

"Bowo ili lakhwefuka," anatero Walusungu. "Alipo analitokosa ndi kamtengo."

"Anthu ena alibe nzeru," anavomereza Jimmy.

"Ndiye gwirani chingwechi pabowo pomwepa. Manja onse awiri, pamodzi. Mukangogwedezeka, foni ipsa."

Jimmy anagwira. Anasiya ndi kupuma komwe, thukuta lili kamukamu. Walusungu ankangoyendetsa mausi uku ndi uku ngati pali chimene akuchita, kwinaku akumuyamikira kuti ali ndi manja a dokotala.

Sajeni Mhango analowa mwakachetechete, NyaChavula ali pambuyo. Mayiwo anangoloza jekete lofiira ndi milomo. Sajeni anaweramira pa phewa la Jimmy n'kupeza manja awiri ali pamodzi kale, osafunanso kuwapempha.

"Aliyense amene muli kumbuyoko musandigwedeze," anatero Jimmy osacheuka. "Foni ipsa."

Unyolo unati khethe.

Apo m'pamene anacheuka. Anayamba kunena za mnzake wamanyazi uja, koma Sajeni anati mnzakeyo akamufotokoze bwino kupolisi, mpando ulipo.

NyaChavula analanda foni yawo. Anabaya pini, n'kufufuza, n'kufufuzanso. Mwadzidzidzi ng'oma inalira m'shopu monse. Mayiwo anaseka, misozi ili chuchuchu, n'kupsompsona galasi la foni.

Sajeni anamudzutsa Jimmy kuti azipita, koma NyaChavula anaima pakhomo.

"Dikirani, a Sajeni. Ine wandibera foni chabe. Koma awa wawasunga m'sokosi kuyambira Lachisanu, mkulu wa mpingo wathunthu. Apepese."

Anamuikira foniyo pamaso. Jimmy anayang'ana Sajeni, Sajeni anayang'ana kudenga. Ndiye Jimmy anagwada pansi, manja ali m'unyolo, n'kuwomba m'manja momwe akanathera.

"Pepani, adada."

A Msiska sanamuyankhe. Anali otanganidwa ndi kuvina.