Chipeso cha Shylet pa Dazi la Bambo Ake

Fakitale ya nsalu itatseka zipata ku Kadoma, a Morrison Chalo anatsala pakati ngati mbuzi ya pamsewu. Kulowa m'maenje a golide ndi anyamata, msana unkakana. Kukhala pansi kudikira imfa, mimba inkakana. Anayamba kuzungulira maofesi.

Kulikonse ankapeza kamnyamata ka ndevu zitatu, kakukweza magalasi nkulankhulira m'mphuno: "Madala, digiri muli nayo?" Ntchito yosunga makiyi, digiri. Yowerenga mabelo a thonje, digiri. Nsapato zawo zinayenda mpaka zinayasamula kutsogolo, nazonso ngati zikufunsira ganyu. Chowawa kwambiri chinali Clement, mwana wa aneba yemwe iwo ankamupukuta mamina, amene tsopano ankawadutsa pa galimoto ya kampani, chigongono panja, fumbi lonse kwa iwo.

Tsiku lina anakwera kombi, minibasi ya ku Chegutu, kupita kwa Sekuru Jobu, nkhalamba yomwe anthu ankati makolo ake anabwera ndi mankhwala kuchokera ku Nyasalande.

"Digiri ine sindisindikiza," anatero a Jobu, maso ali pansi. "Munthu akatsegula pakamwa bwino, mabwana amaiwala pepala. Koma nzeru sizimera pamwala, mwana wanga. Zimatungidwa. Kwanu kuli chitsime?"

"Chitsime chotani, sekuru?"

"Mutu wabwino. Wa magazi ako."

A Morrison anatukumula chifuwa. "Shylet wanga ali ku yunivesite. Chizungu chake azungu omwe amapempha kuti achepetse."

"Bwera ndi chipeso chake, tsitsi lili momwemo. Ukafuna kulankhula pamaso pa akuluakulu, uzipesa kamodzi."

"Sizimupweteka?"

"Chitsime chimalira ukatungamo kapu? Kungoti chomwe watunga sichibwerera. Za mari usavutike, ndalama sindifuna. Ine ndimangokonda kuonerera mmene anthu amatungira."

Chipeso chinapezeka, a Jobu anachikonza. Tsono a Morrison anali ndi dazi. Osati dazi lamasewera, koma lija ntchentche ikateramo imaterereka nkuthyoka mwendo. Tsiku loyesedwa pa kampani ina yogula thonje ku Chegutu, analowa m'chimbudzi, napesa chikopa chokhachokha, kwee. Atakhala pamaso pa mabwana, pakamwa panaphulika ngati paipi ya madzi. Chizungu, masamu, malamulo a misonkho, zonse mbwee. Palibe anafunsa digiri. Anatuluka ali manijala.

Galimoto inabwera. Nyumba ya mpanda inabwera. Sadza, nsima ya kuno, linayamba kudyedwa ndi nyama mpaka galu wawo anayamba kusankha mafupa. Ndipo chipeso sichinapumenso. Kumsonkhano, kwee. Ku bala ya mowa, pofuna kumuchititsa manyazi Clement, kwee. Ngakhale pamaliro, pongothokoza anthu okumba manda, kwee.

Shylet anabwerera kunyumba chaka chisanathe. Mayeso onse anali atalephera. Ankatsegula buku nkumaliyang'ana ngati khoma. Kuchipatala sanapeze matenda. Chizungu chinachoka, kenako Chishona chinayamba kubooka mabowo: ankaloza supuni, dzina osalipeza. Bambo ake ankati ndi kutopa chabe.

Monga ana ambiri obadwira kuno a anthu ochokera ku Nyasalande, Shylet Chichewa ankamva, koma moyo wake wonse ankayankha m'Chishona. Ndiye tsiku lina masana anawagwira malaya bambo ake nkunena bwinobwino: "Atate, njala."

A Morrison analumpha. "Mwamva, mayi a Shylet? Mwana wayamba chakwathu! Gwirani tambala uja, lero ndi chikondwerero."

A Eness, akazi awo, sanasunthe pomwe anaima. "Bambo a Shylet, mvetserani bwino. Chimenecho si Chichewa cha munthu wamkulu. Ndi chija malemu amayi anu ankamulankhula nacho ali kumsana. Zapamwamba zonse zatha, tafika pansi pa mphika. Mukudziwapo chiyani inu?"

A Morrison anakwera galimoto mpaka kwa a Jobu.

"Ndinati kapu, iwe unabwera ndi mgolo," inatero nkhalambayo. "Leka lero, atsala ndi timawu take tomweto. Aziitana amake, azipempha madzi. Ena alibe ndi zimenezo."

Koma m'mawa mwake eni kampani ankabwera kuchokera ku Harare kudzasankha bwana wamkulu wa chigawo chonse. A Morrison anaima m'chimbudzi cha kuntchito, chipeso m'manja. Popanda icho, pofika madzulo akanakhalanso madala a nsapato zoyasamula. "Kamodzi kokha," anadziuza. "Ndikakwezedwa ndimupititsa kwa madokotala akunja." Kwee.

Analowa, anakhosomola, anatsegula pakamwa. Munatuluka kamawu ka mwana wamkazi: "Amama, ndiberekeni." Mabwana anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Anayesanso. "Atate abwela. Atate abwela ndi switi." Kuseka kunaleka. Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, koma mawu ankadutsa m'mipata ya zala, kunka nachepa, mpaka munatuluka kulira kwa khanda lobadwa kumene. Alonda anawatulutsa akulirabe, suti yonse itanyowa.

Nthawi yomweyo ku Kadoma, Shylet anali atayamba kuitana amake. Anafika pa "ama", nkuthera pomwepo. Mpaka lero sanamalize.

Galimoto inalandidwa, nyumba inapita. A Eness anabwerera ku kachipinda ka lendi ku Rimuka, komboni ya ku Kadoma, komwe amamudyetsa mwana wawo phala ndi supuni, mtsikana wamkulu wosadziwa dzina lake. A Morrison mumawaona mumsewu wa pakati pa Chegutu ndi Kadoma, chipeso m'manja, mutu uli zilonda zokhazokha. Amaimitsa magalimoto, nkuwerama mwaulemu, nkutsegula pakamwa. Simutuluka kanthu.

Abale anga, kusowa ntchito utakula kumawawa, ndipo palibe akukana. Koma dyera silidziwa mawu oti "basi". Chuma cha mankhwala sichichokera kumwamba, chimachotsedwa kwa munthu, ndipo munthuyo amakhala wa m'nyumba mwako momwe. Kuli bwino kubwezedwa pa geti mwana wako akukudziwa.