Mahedifoni a Bryson

Talandira anakumana naye pa depoti ya ku Dowa Boma, tsiku lina lozizira m'mwezi wa Juni. Minibasi ya ku Lilongwe inkachedwa kudzaza. Mnyamata amene anakhala naye moyandikana anali atafungatira chibokosi chakuda pamiyendo, ndipo kondakitala atafuna kuchiika kumbuyo, iye anakanitsitsa.

"Kodi muli mazira m'menemo?" Talandira anafunsa akuseka.

"Akanakhala mazira ndikanam'patsa, achemwali. Muli ampu. Ili ndi mababu agalasi, ikangogunda penapake ndiye kuti kwanga kwatha."

"Ampu ya kutchalitchi?"

"Ayi, ya mahedifoni. Yomvera munthu mmodzi."

"Chibokosi chonsechi, munthu mmodzi?"

"Mmodzi basi. Tsiku lina mudzamvera, mudzanditsimikiza."

Dzina lake anali Bryson. Ankajambula nyimbo za makwaya m'kasitudiyo kake pafupi ndi Dzaleka. Talandira anali namwino pa kachipatala kena kuseri kwa Kasakula, kumene galimoto imafika ikafuna. Pamene Bryson ankatsika pa Dzaleka, nambala ya Talandira inali italowa kale m'foni mwake.

Mauthenga anayamba sabata yomweyo.

"Duwa langa la m'mapiri, wadya?"

"Ndadya. Nanga iwe?"

"Chakudya sichikutsika, pakhosi pakhala iwe."

Kunyumba kwa Talandira netiweki sinkagwira. Akaweruka ankakwera kaphiri kuseri kwa chipatala, n'kukhala pamwala atadzikulunga chitenje, kudikira kuti foni ilire. Namwino mnzake anali atasamutsidwa, ndipo m'nyumba yazipinda ziwiri ija munalibe womufunsa kuti waswera bwanji. Bryson ankabwera mwa apo ndi apo, kubwera m'mawa, kubwerera dzuwa lisanalowe. Madzulo foni yake inkakhala yozimitsa. Ankati kwawoko magetsi amavuta.

"Mvula ikangotha, amalume anga abwera kwanu. Ndikulonjeza, mtima wanga!"

Kenako anamutumizira nyimbo. Gitala ndi mawu ake basi.

"Ndakuimbira iwe wekha. Palibenso wina amene adzaimve."

Talandira ankaimvera ndi timahedifoni take ta pamsika, tomwe kakumanzere kanafa kalekale. Khutu limodzi lomwelo linkamukwanira. Ankaimvera pochapa, pophika, poyenda kupita ku ntchito, mpaka mawu onse anawaloweza. Kodi ndani anaimbiridwapo nyimbo m'mapiri onse a Ntchisi?

Mvula inatha. Chimanga chinauma, anthu anakolola. Amalume sanaoneke.

Loweruka lina Talandira anavala diresi lake labuluu, anakwera njinga yamoto mpaka ku Dowa, kenako minibasi mpaka pa Dzaleka. Anafunsa njira ya ku situdiyo kwa mayi wogulitsa tomato.

Bryson atamuona pakhomo anangoti kakasi.

"Talandira! Bwanji osandiuza?"

"Ndimafuna ndikudzidzimutse. Ndalakwa?"

"Ayi, ayi, duwa langa. Lowa. Lero ndiye umvera zinthu zija!"

Kachipindako kanali kakang'ono, makoma ake atakutidwa ndi mabulangeti. Bryson anamukhazika pampando ndipo anatulutsa mahedifoni aja. Anali akuluakulu, olemera, m'mbali mwake mwa thabwa losalala. Atamuveka, chikopa chake chofewa chinaphimba makutu onse.

"Tiyambe ndi kaampu kakang'onoka," anatero Bryson, akulumikiza waya ku kabokosi kasiliva.

Kwaya inayamba. Talandira anadzidzimuka.

"Ii! Zonse zikumveka. Koma zikulasa m'makutu, ngati kuwala kwa malata masana."

"Wamva bwino! Kameneka n'kowuma, sikagwirizana ndi mahedifoni amenewa. Tadikira iyi itenthe."

Anayatsa ampu yaikulu ija. Mababu ake anayamba kufiira pang'onopang'ono ngati makala. Anasamutsa waya, n'kuyambitsanso nyimbo yomweyo.

Talandira anagwira mpando ndi manja onse. Chipinda chija chinasowa. Anali pakati pa kwaya, azimayi kumanzere, azibambo kumanja, mkulu wina wa besi cha kumbuyo kwenikweni. Anamva onse akukoka mpweya asanayambe. Anamva benchi ikulira wina atasuntha. Ng'oma sinkagunda m'khutu ayi, inkagunda pachifuwa. Anacheuka kuti aone amene ankaimba paphewa pake, koma anangoona bulangeti la pakhoma.

"Bryson! Mayi wina wameza malovu, ndamumva!"

Bryson anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ndinakuuza! Anthu amati ndine wamisala ndi zinthu zimenezi."

Talandira anapukuta misozi. Anali asanamvepo kukoma kotere, ndipo anali asanakhalepo pafupi chonchi ndi anthu ambiri kwa miyezi yonseyi.

Foni ya Bryson inalira. Anaiyang'ana, nkhope inasintha pang'ono.

"Ndi kasitomala. Ndikubwera, usakhudze kanthu."

Atangotuluka, Talandira anaganiza za nyimbo yake. Ngati kwaya ya anthu osawadziwa yamuliza, nanga mawu a Bryson? Anazula waya ku kompyuta, anaulowetsa m'foni mwake, n'kutseka maso.

Gitala inabwera yofunda, zala zikumveka kutsetsereka pa zingwe. Mawu a Bryson anaima patsogolo pake penipeni, ngati angawakhudze. Talandira anamwetulira.

Kenako khutu lakumanzere linamva chinthu chimene linali lisanamvepo.

Munthu wamkazi ankang'ung'udza nyimboyo chapansipansi, osaphonya ngakhale pamodzi, ngati woidziwa kalekale. Pafupi naye mwana ankatsokomola, chifuwa cholira m'kati, chimene namwino aliyense amachidziwa. Gitala itasiya, pamene kale Talandira ankangomva ngati kamphepo, mayiyo ananong'ona:

"Bambo a Roza, basi tsopano, mwana agone."

Ndipo Bryson, chapatali, akuseka: "Ndamaliza, amayi. Mwaikonda nyimbo yanu?"

Talandira sanasunthe. Nyimbo yanu? Nanga iye pamwala paja, mphepo ikumuomba, ankamvera ya ndani?

Chitseko chinatseguka. Bryson analowa akumwetulira.

"Ukumvera chiyani, mtima wanga?"

Talandira anavula mahedifoni bwinobwino, n'kuwaika patebulo.

"Mwana uja anachira chifuwa?"

"Anachira, tinapita naye ku…"

Bryson anagwira pakamwa. Anayang'ana waya, anayang'ana foni ya Talandira.

"Talandira, tamvera. Kunyumba zinthu sizili bwino. Ndimafuna ndikuuze, koma ndimaopa kukutaya. Amene ndimamukonda ndi iwe!"

"Amaimba bwino akazi anu," anatero Talandira, akuchotsa waya m'foni. "Ndipo nyimbo yawo akuidziwa."

"Usanditchule 'inu', chonde. Ndine Bryson wako yemwe uja."

"Munati palibenso wina amene adzaimve. Munanditumizira mkazi wanu ndi mwana wanu, ine n'kumagona nawo m'khutu miyezi yonseyi osadziwa!"

Misozi anaigwira. Bryson anafuna kumugwira dzanja. Iye analibweza, natenga chikwama chake.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Anthu ankagula, ankagulitsa, ana ankathamangitsana m'fumbi. Talandira anadutsa pakati pawo, makutu ake akadali ofunda ndi chikopa chija.

M'minibasi ya ku Dowa anakhala pawindo. Foni inanjenjemera m'chikwama.

"Duwa langa, ndiyankhe. Popanda iwe ndifa."

Inanjenjemeranso. Sanaitulutsenso. Kutsogolo wailesi ya dalaivala inkakhosomola nyimbo ina m'sipika yong'ambika, mawu osamveka n'komwe.

"Adalaivala, takwezani wailesiyo," anatero Talandira.

"Imalira moipa iyi, achemwali. Sipika inaphulika."

"Kwezani basi."

Dalaivala anakweza. Talandira anatsamiritsa mutu pagalasi, ndipo m'phokoso lija analira mpaka ku Boma popanda womumva.