Chisoti Choyera mu Nthunzi ya Phula

Sendera kuno, mnzanga, khala pambali pangapa, khofi wakoyo umugwire ndi manja awiri. Wandifunsa chifukwa chake ndimadzidzimuka galimoto ikamalira pi-pi-pi pobwerera m'mbuyo. Kulirako sindikuopa ayi. Chimene chimandinjenjemeretsa ndi tsiku lija limene sikunamveke.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri kwa Lowell Dudek ndi mkazi wake Noreen, konkuno ku Michigan, ku America. Ine Bernice ndinali wogwira chikwangwani choimitsa magalimoto pamene anzanga akuthira phula. Kampaniyo inali yaing'ono, yosiyidwa ndi bambo ake a Lowell. Lowell ankayendetsa yekha chimakina chopsinja phula, chija cha magudumu achitsulo, Noreen ankayang'anira ofesi. Ankakondana anthu amenewo mpaka ife kuyang'ana kumbali. Masana Noreen akabwera ndi masangweji, Lowell ankamupaka chala chakuda pamphuno.

"Chimbalangondo iwe! Ndikasamba ndi chiyani tsopano?"

"Usasambe. Onse adziwe kuti uli ndi mwini wake."

Tinkaseka. Lero ndikakumbukira mawu amenewo, sindiseka.

Chaka china anapambana kontirakiti ya khonsolo yothiranso phula m'misewu ya kum'mawa kwa tauni. Ukudziwa mmene zimakhalira kuno: mtengo umautchula chipale chofewa chisanasungunuke, koma ntchito umaigwira dzuwa litatentha. Pakati pamenepo mafuta anakwera, phula linakwera nawo, miyala, dizilo, zonse. Lole iliyonse imene tinkakhuthula inkadya kampani m'malo moidyetsa.

"Tiye kukhonsolo, Lowell," anatero Noreen. "Anzathu onse akupita. Akhoza kutichotsera msewu umodzi, kapena kutilola kupala phula lakale n'kulisakaniza ndi latsopano."

"Bambo anga sanabwererepo kukapempha. Mtengo ukautchula, wautchula."

"Bambo ako sanaligulepo phula pamtengo uwu."

"Wa kwa Dudek sagwada kukhonsolo. Ndatha."

Kunyada kwa mwamuna ndi khomo lotseka, mnzanga. Mkazi wanzeru akalipeza lotseka amazungulira kuseri, ndipo kuseriko ndi kumene maso a anthu amadikira.

Noreen anapita mobisa kwa Curtis Mabry, injiniya wa khonsolo, munthu wofatsa amene mkazi wake anamwalira kalekale. Curtis anamuuza kuti makhansala sasintha kontirakiti chifukwa cha misozi, amafuna kuonetsedwa msewu ndi msewu: apa pamafunika kupala mozama, apa pang'ono chabe, apa pangadikire chaka chamawa. Ndiye m'mawa uliwonse awiriwo ankayenda m'misewu ija, kugwada pa ming'alu, kupopera penti yofiira pamalo oyenera.

Anawaona Merle, woyendetsa lole yathu, munthu amene pakamwa pake sipankazizira. Pa chakudya chamasana anayamba.

"Bwana, misewu ya kum'mawa ija iyenda bwino chaka chino. Ndaona madamu akuiyeza okha m'mawa. Chogwada. Mitu pamodzi ndi injiniya wa chisoti choyera uja, ngati nkhunda zikutola chimanga."

"Tseka pakamwa, Merle," ndinatero.

"Ndalakwanji, Bernice? Ndikuyamika khama!"

Anyamata anaseka. Lowell sanaseke. Anakulunga sangweji yake n'kuibweza m'bokosi.

Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Merle anaona mawondo ndi mitu, penti sanaione. Koma mawu akalowa mumtima wa munthu amene akumira kale, salowa ngati mawu, amalowa ngati msomali.

Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kumuopa Lowell. Sankakalipa, ndipo n'chimene chinkaopsa. Ankangokhala pamwamba pa chimakina chake, maso gwa. M'mawa wina anamutsatira Noreen, n'kumuona akukwera galimoto ya Curtis akuseka. Chikwerere mitengo ya zinthu, Noreen anali asanasekepo kunyumba.

Madzulo ake ndinkabweza chikwangwani kuofesi, ndipo makoma a kumeneko ndi opyapyala. Ndinamva Lowell akumufunsa Noreen.

"Unali kuti m'mawa?"

"Kwa dokotala wa mano."

"Dokotala wako amapopera penti yofiira masiku ano? Taona nsapato zakozo!"

Noreen anatsitsa mawu.

"Lowell, ndipatse mpaka Lachiwiri. Lachiwiri ndidzakuuza zonse, ndipo udzandithokoza."

"Ndidzakuthokoza! Kampani ikumira, iwe wapeza kale bwato lina. La boma, losamira!"

"Wapenga kodi? Zaka zonsezi sukundidziwa?"

"Ndimayesa ndimakudziwa."

Lowell anatuluka osandiona n'komwe. Noreen ndinamupeza atagwira tebulo. Anandiuza zonse, kuti khonsolo ikumana Lolemba madzulo kudzavomera kapena kukana.

"Muuze lero, mwana wanga," ndinamuchonderera. "Maso aja sindikuwakonda."

"Inenso ndikumuopa, Bernice. Koma ndikamuuza lero athamangira kukhonsolo kukanena kuti iye sapempha, zonse zifera pomwepo. Lachiwiri si kutali."

Mvetsa tsopano zinthu ziwiri za ntchito yathu. Phula limathiridwa likutentha, ndipo m'mawa wozizira limafuka nthunzi yoti nkhope ya munthu sungaione. Munthu umamudziwa ndi chisoti: ife antchito zachikasu, akhonsolo zoyera. Chachiwiri, injiniya amanjuta kumbuyo kwa chimakina chopsinja kuti abaye phula ndi choyezera kutentha, atachipatsa msana. Sacheuka. Palibe amene amacheuka. Tonse timakhulupirira pi-pi-pi uja, kuti chikamabwerera chitiuza.

Lachiwiri linafika, mwezi wa Okutobala, chisanu chikuluma zala, tikuthamangira kumaliza fakitale ya phula isanatseke chifukwa cha nyengo yozizira. Ine ndinaima kumapeto kwa msewu ndi chikwangwani changa. Ndinkamva kuti chinachake chasowa, ngati ukalowa m'nyumba wotchi itaima.

Galimoto ya Curtis inaima pafupi nane. Noreen anatsika nkhope ikuwala.

"Avomera, Bernice! Avomera zonse! Ali kuti chimbalangondo changa?"

"Simungalowe opanda chisoti, mayi Dudek," anatero Curtis. "Tengani changachi, ndi jekete ili. Ine ndipeza china kumbuyoku."

Noreen sanamudikire. Analowa mu nthunzi ija akuthamanga pang'ono, chisoti choyera chikumugwera m'maso. Anali atavala nsapato za kuofesi. Imodzi inamatirira m'phula lofewa, kumbuyo kwenikweni kwa chimakina. Ananjuta kuti aizule.

Ndinaona Lowell akucheuka. Ndinaona akuyang'ana chisoti choyera chili pansi mu nthunzi. Ndinaona dzanja lake likukoka chitsulo chobwezera chimakina m'mbuyo. Ndipo pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene chinasowa m'mawa wonse. Chimakina chija chinkabwerera mwakachetechete.

Ndinakuwa, mnzanga. Ndinataya chikwangwani, ndinakuwa dzina la Noreen mpaka kukhosi kunang'ambika. Koma injini za malole zinali kubangula.

Zimene zinali pansi sindikuuza. Ndikuuza za nkhope ya Lowell. Anatsika pang'onopang'ono, wodekha, ngati munthu amene watula katundu. Kenako anakweza maso n'kuona Curtis Mabry akuthamanga kuchokera kugalimoto, wamoyo, mutu uli pamtunda. Lowell anamuyang'ana. Anayang'ana pansi. Anaona nsapato yokhala ndi timadontho ta penti yofiira. Kulira kumene kunatuluka mwa munthu ameneyo sindinakumvepo kwa nyama iliyonse.

Kukhoti loya wake anayesa kunena kuti inali ngozi ya nthunzi. Koma apolisi anali atapeza waya wa belu lochenjeza uja atadulidwa bwinobwino ndi pulayala. Lowell anaimirira loya akumukoka malaya.

"Ndinadula ndine. Ndinkafuna uyo," anatero akuloza Curtis.

Curtis anafotokoza za misewu, za penti, za khonsolo imene inavomera kuti kampani ipulumuke. Merle anapereka umboni wake maso ali pansi, mawu osamveka, koyamba m'moyo wake. Woweruza anati kupha amene sunamufune sikuchepetsa mlandu, pakuti dzanja linatumidwa ndi mtima wofuna kupha. Anamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Akumutulutsa, Lowell anaima pafupi ndi Curtis.

"M'mawa monse muja, Noreen ankanena chiyani za ine?"

Curtis anayankha kuti, "Ankati, mwamuna wanga ndi chimbalangondo, koma phula lake siling'aluka."

Misewu ija anamaliza ndi kampani ina. Ndimaizungulira, sindidutsamo. Lowell ndinakamuona kamodzi, tsitsi lonse litayera. Anati m'ndende mukakhala phee amamva pi-pi-pi, ndipo amapemphera kuti asasiye kumumva.

Nsanje siifunsa, mnzanga, imangoona chisoti n'kunena kuti yaona munthu. Kunyada kunatseka khomo, mantha anabisa chilungamo, miseche inabweretsa nthunzi, koma waya anadula ndi munthu mmodzi, ndi manja ake.

Khofi wako wazizira, pepa. Ukadzakumana ndi mwamuna amene wasiya kulankhula kunyumba kwake, kapena wina wapakamwa ngati Merle, usamukalipire. Udzangomukhazika pansi chonchi, n'kumuuzako za Noreen. Ndakupempha.