Buledi wa Kusiteshoni

Kwathu ku Samarkand bambo anga, a Tursun, amaphika buledi pa uvuni womwe ankaphikira agogo. Buledi wathu ndi wolemera, wa mkaka ndi batala, woti munthu amayenda naye ulendo wautali osawonongeka. Pakati pake timadindapo chidindo cha banja lathu, chooneka ngati kaduwa. Tinkakhala bwino ndithu. Bambo sankakalipa, amayi ankaimba akamasefa ufa, ndipo achimwene anga a Eldor anali ndi manja achangu kuposa aliyense mumsewu mwathu.

Chaka chatha bambo anadwala msana, kuweramira mu uvuni kunawakanika. Anaitana achimwene n'kuwapatsa chidindo chija.

"Ukadinda ichi, walankhula m'malo mwanga," anatero. "Usakandinamizire kwa anthu."

Ndiye panali mnzawo wa achimwene, Qobil, wogulitsa buledi wathu kusiteshoni ya sitima. Tsiku lina anafika akuseka.

"Eldor, m'bale wanga, ukuphikira mafumu kodi? Anthu a m'sitima amagula, sitima n'kunyamuka. Akamanyema ali kutali, ku Tashkent. Akubwerere ndani? Thira madzi m'malo mwa mkaka, pamwamba paka dzira awale, basi."

"Bambo atamva sangandisiye."

"Bambo ako ali chagada, akuyang'ana denga. Iwe si ukufuna kukwatira Gulchehra? Ukam'patsa chiyani, phulusa la mu uvuni?"

Achimwene anayamba ndi madziwo. Palibe anabwera kudzadandaula. Kenako anasiya batala. Kenako Qobil anawapezera ufa wotchipa umene unanyowapo m'nyumba yosungira katundu. Tsopano ankaphika mitundu iwiri, wabwino wa anansi ndi wina wa kusiteshoni, koma chidindo chimodzimodzi.

Tsiku lina amayi anaima pakhomo n'kukoka mpweya.

"Ufa uwu ukununkha chinyontho, mwana wanga."

"Ndi thumba chabe, amayi."

"Mphuno iyi inayamba kununkhiza ufa iwe usanabadwe. Siya zimenezi, ndisanawauze bambo ako."

Achimwene anavomera, koma anangosamutsa matumba aja kukawabisa kwa Qobil.

Itafika nthawi ya chitomero, tonse tinapita ku Qarshi, kwawo kwa Gulchehra. Bambo anayenda ndi ndodo. Pachitomero mkulu wa banja amanyema buledi, onse n'kudya, ndipo zikatero mawu sabwezedwanso. Ife tinatenga wathu wabwino, wokulungidwa m'nsalu yoyera. Koma agogo ake a mtsikanayo, a Ergash, anakweza dzanja.

"Alendo athu, wanuyo sungani kaye. Sabata yatha ndinadutsa kwanu pa sitima, ndinaona chidindo chanu, ndiye ndinagula uyu kuti ndikulemekezeni. Buledi wa a Tursun sakalamba, amatero anthu."

Anapemphera, n'kunyema. Mkati munali motuwa, mwa chuku, ndipo fungo linafika mpaka kukhomo. Achimwene anali akuyang'ana kapu yawo ya tiyi.

Agogo aja anali munthu wachifundo. Anati, "Masiku ano anyamata amasema zidindo za eni ake. Mwina wina wakuberani dzina."

"Ndi zoona, agogo," achimwene anayankha mwachangu. "Kusiteshoni kuli akuba ambiri."

Ine ndinapuma, ndinkaganiza kuti tapulumuka. Bambo anangofunika kukhala chete basi. Koma anatola chidutswa chija ndi manja awiri, anachipsompsona, anachigunditsa pamphumi monga timachitira ndi buledi akagwa pansi, n'kuyang'anitsitsa kaduwa kaja.

"Ayi, a Ergash," anatero motsitsa mawu. "Chidindo ichi n'changa. Ndimachidziwa ngati nkhope za ana anga. Anaphika ndi mwana wangayu, ndipo chidindocho ndinam'patsa ndine. Mutikhululukire."

A Ergash anasisita ndevu. Kenako anakulunganso buledi wathu wabwino uja m'nsalu yake n'kutibwezera osanyema.

"Inu a Tursun, nyumba ino ndi yanu tsiku lililonse," anatero. "Koma mdzukulu wangayu sindingamupereke kwa munthu wonama buledi ali m'manja."

Tili m'sitima yobwerera, achimwene analira ngati mwana.

"Bambo, mukanangokhala chete. Ndi mawu amodzi okha mwandiphera ukwati."

"Ndikanakhala chete, mwana wa eni ake akanalowa m'nyumba mwathu kudzera pa bodza," bambo anatero. "Ine ndikufunabe kuti ukhale munthu, Eldor. Ukwati ndi nkhani ina."

Gulchehra anakwatiwa ndi mphunzitsi wa kwawo komweko. Qobil anapeza wophika wina, ndipo akakumana ndi achimwene amayang'ana kumbali. Bambo anabwerera pa uvuni atamanga lamba m'chiuno. Achimwene amakanda ufa, amatunga madzi, amasonkha moto, koma kudinda sanaloledwebe, ndipo sapempha.

Mpaka lero ndimadabwa kuti bambo anazitenga kuti mphamvu zija, anthu onse akuwayang'ana. Kusukulu sanapiteko, koma sindinaonepo munthu wowongoka choncho.

Anzanga, amene mudzagwire ntchito kapena kugulitsa kanthu, musamanamize munthu poganiza kuti ndi wongodutsa ndipo simudzamuonanso. Chimene mwachita mobisa chimafika kumene simunachitume, ndipo wochita manyazi poyamba amakhala amene anakukhulupirirani.